Keke ya ku Kawale

Ndanyamuka ku Eliya 25 dzuwa lisanafike paliwombo
koma lalowa kale m'malaya.
Pamiyendo panga pali keke ya nsanjika ziwiri,
ya chinkhoswe cha mwana wa a Nangondo,
m'katoni yomwe kale inkasunga sopo.
Akuifuna ku Kawale isanakwane thu koloko.

Minibasi sikunyamuka, yatsala anthu awiri,
ndipo awiriwo akana kuchoka pakhonde la golosale.
Kondakitala akudzikupiza ndi ndalama zathu.
Mpando wandigwira ntchafu ngati wangongole.

Pa Kanengo fungo la fodya latopa kuuluka,
langogona pamsewu ngati galu.
Kutsogolo phula likunyezimira, kunamizira madzi,
ukafika pomwepo madziwo asamuka.
Magalimoto odikira mafuta afola mpaka kukhota,
madalaivala agona kunsi kwa malole awo
nsapato atatsamira.

Ndatsegula foni kuti ndiiwale thukuta,
ndapeza mawu a Tinenenji, mng'ono wanga,
amene anatumiza mu Julaye ali ku Madrid:
"Akulu, kuno kwapsa.
Mazenera tikutseka masana ngati pagwa zovuta.
Nkhalamba yomwe ndimasamala
ndikuiika thaulo yonyowa pakhosi, ikundiitana dzina la mwana wake.
Dzulo ndayenda mzinda wonse kufuna fani, masitolo onse zatha.
Alendo akhala m'mphepete mwa kasupe, mapu m'manja,
nkhope zili psuu.
Naini koloko usiku, dzuwa likukanabe kulowa."

Tsiku limenelo ndinaseka,
nditavala majuzi awiri, manja ali pambaula.
Ndinayankha kuti azungu sadziwa dzuwa,
abwere kuno mu Okutobala adzaphunzire.

Lero ndamvanso, foni ili kukhutu,
ndipo ndamva zimene ndinaphonya:
kupuma kwake pakati pa mawu,
malovu akukana kutsika,
ndi kachete kaja kumapeto
asanati, "Basi, mupereke moni kwa ana."

Depoti. Tatsika ngati mbatata zochoka m'phulusa.
Mnyamata wa mafirizi akugulitsa madzi ofiira ofunda,
akulumbira kuti m'mawa anali miyala.
Pamlatho mtsinje wa Lilongwe waonda,
wasanduka chingwe chobiriwira pakati pa majumbo,
komabe wina akuchapa jini ya kaunjika momwemo.
Katoni ndainyamula pamtima ngati khanda lodwala,
chitenje ndafunditsa iyo, mutu wanga ndaupereka.

Wakabaza wati, "Mayi, gwirani bwino, ndithamanga."
Ndati usathamange.
Wati, "Tikachedwa isungunuka."
Ndati ukathamanga igwa.
Tadutsa Mchesi tikukangana choncho,
akalipentala akupala matabwa zifuwa zili pamtunda,
utuchi utamatirira m'thukuta,
bedi ndi bokosi la maliro zikuumira padzuwa limodzi.

Ku Kawale magetsi anathima dzulo, firiji ili kukamwa yasa.
A Nangondo atsegula katoni pang'onopang'ono.
Maluwa a shuga atsetsereka, aunjikana mbali imodzi.
Dzina la mkwati layenderera mpaka pambale,
la mkwatibwi laima lokha, silinagwedezeke.
Ndayamba kupepesa.
Iwo aseka mpaka kugwira khoma:
"Isiyeni, yanena zoona."
Andipatsa supuni yaing'ono ndi kapu ya madzi a mumtsuko,
ndawola mnyamatayo, ndamubwezera pamalo pake
chilembo chimodzi chikusowa.

Pobwerera dzuwa lapendeka koma nthaka ikupumabe moto.
Mitambo yasonkhana cha ku Bunda,
yayang'ana mzinda, yasintha maganizo.
Ndadina foni kuti ndiyankhe Tinenenji,
miyezi itatu itapita.
Kwawoko tsopano masamba akuthothoka, wayamba kuvala jekete.
Ndati, "Mng'ono wanga, ndamva."
Zotsalazo zamezedwa ndi hutala ya minibasi
ndi kondakitala wokuwa kuti watsala munthu mmodzi.
Ndatumiza momwemo.